Ndiyambire pati kuwerenga za Allama Iqbal?

Funso: Assalamu alaikum. Ndine mwalimu wa pa madrasa kuno ku Mangochi. Ndakhala ndikuona mawu a Allama Iqbal pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wina anandiuza kuti ndi amene anayambitsa dziko la Pakistan, wina akuti anali msufi, wina akuti ankadana ndi usufi. Nditafufuza pa intaneti ndapeza mabuku ochuluka moti mutu wazungulira. Ndimawerenga Chingerezi ndi Chiarabu, koma Chiurdu ayi. Ndiyambire pati, nanga buku lodalirika ndilidziwa bwanji?

Yankho: Waalaikum salaam, a Mwalimu. Anthu atatu amene anakuuzani zosiyanawo palibe amene ananama kotheratu. Aliyense anagwira chigawo chake n'kuchiyesa munthu yense. Muhammad Iqbal, mlakatuli ndi katswiri wa filosofi wachisilamu, analemba kwa zaka zoposa 35, m'zilankhulo zitatu, ndipo maganizo ake sanakhale pamodzimodzi. N'chifukwa chake muyeso umene ndimayesera buku lililonse lonena za iye ndi uwu: likatchula mawu ake, kodi likunena chaka chimene anawalemba, buku limene achokera, ndi chilankhulo chimene anawalembera? Likakhala kuti silinena, ndimaliika pambali, ngakhale chikuto chake chikongole bwanji.

Za moyo wake ndidutsa msanga. Anabadwira ku Sialkot m'chigawo cha Punjab, India ali m'manja mwa Angerezi. Chiarabu ndi Chiperezi anaphunzira kwa Sayyid Mir Hasan, filosofi anaphunzira ku Government College ku Lahore kwa Thomas Arnold. Mu 1905 anapita ku Ulaya, n'kuphunzira ku Cambridge, kupeza uloya ku Lincoln's Inn ku London ndi digiri ya udokotala wa filosofi (PhD) ku Munich. Anabwerera mu 1908, n'kumadya za uloya ku Lahore. Anamwalira pa 21 Epulo 1938, ndipo manda ake ali pakhomo pa mzikiti waukulu wa Badshahi. Ngakhale tsiku lobadwa lenilenilo linavutitsa ofufuza. M'mabuku akale mupeza 1873, mwina 1876. Iye mwini, pofotokoza mbiri yake m'buku la digiri, analemba kuti anabadwa pa 3 Dhul Qa'da 1294 pa kalendala ya Hijra, n'kuika 1876 pambali pake. Koma tsiku la Hijra limenelo mukaliwerengera bwino limagwa pa 9 Novembala 1877, ndipo limeneli ndi limene boma la Pakistan linavomereza. Choncho mukapeza buku lonena 1873, musalitaye, koma dziwani kuti mwina ndi lakale kapena linakopera kwa akale.

Nkhani ya zilankhulo ndiyo imasokoneza ambiri. Mwa ndime za ndakatulo pafupifupi 12,000 zimene analemba, pafupifupi 7,000 ndi za Chiperezi, zotsalazo za Chiurdu. Nkhani zake za filosofi analemba m'Chingerezi. Zotsatira zake n'zakuti ku Pakistan ndi ku India anthu ambiri amadziwa Iqbal wa Chiurdu, woimbidwa m'masukulu ndi pa wailesi. Ku Iran ndi ku Afghanistan amadziwa wa Chiperezi, amene amamutcha Iqbal wa ku Lahore. M'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America ambiri amadziwa wa Chingerezi yekha. Wolemba aliyense amakonda kuweruza kuchokera pa chimene iye amatha kuwerenga. Inu amene mudalira omasulira, muzifunsa nthawi zonse kuti womasulirayo anachokera ku chilankhulo choyambirira kapena anangotembenuza Chingerezi cha mnzake.

Taonani chimene chaka chimachita. Mu 1904 Iqbal analemba ndakatulo yotamanda India, yonena kuti dzikolo liposa maiko onse ndipo chipembedzo sichiphunzitsa udani pakati pa anthu. Amwenye amaiimba mpaka lero. Mu 1910, atabwerako ku Ulaya kumene anaona mitundu ikunola mipeni m'dzina la kukonda dziko, analemba ina pa kayimbidwe komweko, yonena kuti ife ndife Asilamu, kwathu ndi dziko lonse lapansi. Wofuna kuonetsa kuti Iqbal anali wa India amatchula yoyambayo, wofuna kuonetsa kuti anali wa Asilamu okha amatchula yachiwiriyo, ndipo onse awiri amabisa chaka. Chonsecho mwini wake sanabise. Posonkhanitsa ndakatulo zake za Chiurdu m'buku la Bang-i-Dara mu 1924, anazigawa patatu: zofika 1905, za pakati pa 1905 ndi 1908, ndi za pambuyo pake. Anafuna kuti woziwerenga aone msewu umene anayenda.

Poyambira penipeni, ine ndingakupatseni ndakatulo ziwiri zazitali, Shikwa ndi Jawab-i-Shikwa, kutanthauza dandaulo ndi yankho la dandaulo. Yoyambayo anailakatula pa msonkhano ku Lahore mu 1911. Mlakatuli akuima pamaso pa Mulungu n'kudandaula mosabisa mawu: ife tinanyamula dzina lanu, tinaitana azana m'zipululu zotentha za Africa, pa swala mfumu ndi kapolo anaima mzere umodzi, nanga bwanji madalitso akugwera m'nyumba za ena pamene mphezi ikugwera Asilamu osauka? Atsogoleri ena achipembedzo anakwiya nayo, ati munthu salankhula choncho ndi Mlengi wake. Mu 1913 anabwera ndi yankho, n'kulilakatula pa msonkhano wosonkhetsa ndalama zothandizira anthu a ku Turkey pa nkhondo ya ku Balkan. Mmenemo Mulungu ndiye akufunsa: ndani mwa inu amadzuka pa swala ya m'bandakucha? Mwagawikana m'magulu ndi m'mafuko, uyu ndi Sayyid, uyu ndi Mirza, uyu ndi Afghan, zonsezo ndinu, koma tandiuzani, kodi ndinunso Asilamu? Ndikamawerenga ndime imeneyi mtima umandigunda mpaka lero. A. J. Arberry anazimasulira m'Chingerezi mu 1955 pa mutu wakuti Complaint and Answer, ndipo Khushwant Singh, mlembi wachisikh, anazimasuliranso mu 1981. M'Chiarabu muzipeza mwa njira yokoma: nyimbo ya Hadith al-Ruh imene Umm Kulthum anaimba mu 1967 inatengedwa m'ndakatulo ziwirizi, momasulira al-Sawi Sha'lan.

Mukatero mulowe mu Asrar-i-Khudi ya 1915, ndakatulo yaitali ya Chiperezi imene inamutchukitsa kunja kwa India. Apa ndiime pang'ono, chifukwa liwu lakuti khudi ndi limene lagwetsa omasulira ambiri. M'Chiperezi chakale liwuli linali lonyoza, lotanthauza kudzikonda ndi kudzimva. Iqbal analitenga n'kulitembenuza, ndipo iye mwini anavomereza kuti analisankha movutikira. Kwa iye khudi ndi uja mwa inu amene amati "ine", amene amasankha, amachita, ndipo adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Mukamafotokozera ophunzira anu m'Chichewa musanene kuti kudzikonda, mwaphonya. "Umwini wa munthu" kapena "uineine wa munthu" zikuyandikirako. Mfundo yake n'njakuti chinthu chimenechi sichibadwa cholimba. Chimakula ndi chikondi ndi ntchito, chimafooka ndi kupemphapempha ndi kutsanzira. M'bukumo muli kanthano ka mbalame ya ludzu imene inaona mwala wa dayamondi ukunyezimira, n'kuuyesa dontho la madzi. Inajompha, mlomo n'kupweteka, mwala osasuntha. Kenako inaona dontho la mame pa nsonga ya nthambi, n'kulimeza kamodzi. Funso la mlakatuli n'lakuti, iwe ndiwe dontho kapena mwala? Masitepe olimbitsira khudi akuti ndi atatu: kumvera malamulo a Mulungu monga ngamira imanyamulira katundu mosadandaula, kudziletsa, ndipo pomaliza kukhala khalifa wa Mulungu pa dziko.

R. A. Nicholson wa ku Cambridge anamasulira bukuli mu 1920 pa mutu wakuti The Secrets of the Self. Ndi lomwe mulipeze mosavuta, ndipo ndi labwino, koma dziwani kuti Iqbal ataliwerenga anakonzamo malo angapo ndi dzanja lake, ndipo zokonzazo Arberry anazisindikiza mu 1952. Owerenga a ku England, kuphatikizapo E. M. Forster, anaona ngati Iqbal akungobwereza za Nietzsche, Mjeremani wophunzitsa za munthu woposa anthu. Iqbal anayankha m'kalata yopita kwa Nicholson mu 1921 kuti za munthu wangwiro anazilemba asanawerenge Nietzsche, ndipo n'zoona kuti mu 1900 anali atasindikiza kale nkhani yonena za Abd al-Karim al-Jili, msufi (wotsata usufi, njira ya uzimu m'Chisilamu) amene anaphunzitsa zimenezi. Mkangano umenewu sunathe. Mabuku ambiri amaubwereza, ena kukana kuti Nietzsche anamukhudza n'komwe, ena kunena kuti zonse anabera kumeneko. Onsewo ndimawaona ngati akukokera kwawo. Iqbal anamuwerenga Nietzsche, anamusirira, anamutsutsa, ndipo anamuweruza kuti mtima wake unali wokhulupirira koma ubongo wake wosakhulupirira.

Za usufi, yankho lili m'mbiri ya buku lomweli. Kusindikiza koyamba kwa Asrar-i-Khudi kunali ndi mizere yodzudzula Hafiz, mlakatuli wokondedwa wa ku Shiraz, kuti ndakatulo zake zimagonetsa anthu tulo. Kunabuka phokoso lalikulu, Khwaja Hasan Nizami wa ku Delhi ali patsogolo, ndipo posindikiza kachiwiri Iqbal anaichotsa mizereyo. Amene amati ankadana ndi usufi amaima pamenepa. Koma munthu yemweyo anatenga Jalaluddin Rumi, msufi ndi mlakatuli wakale wa Chiperezi, kukhala shehe wake wa mumtima, ndipo amamutchula kuyambira buku loyamba la Chiperezi mpaka lomaliza. Chimene ankakana ndi usufi wophunzitsa kuti dziko ndi maloto, kuti munthu asungunuke mwa Mulungu ngati dontho m'nyanja, n'kupinda manja pamene anthu ake akulamulidwa ndi alendo. Chimene ankafuna ndi usufi umene munthu amabwerako ali wamphamvu, n'kukonza dziko. Wolemba amene sakusiyanitsa ziwirizi sanamuwerenge mokwanira. Buku lake la digiri, The Development of Metaphysics in Persia la 1908, limalankhula mokomera ziphunzitso zina zimene anadzazikana pambuyo pake, ndipo iye mwini anauza womasulira wake wa Chiurdu kuti maganizo ake anali atasintha kwambiri chilembere bukulo. Choncho musalitenge ngati mawu ake otsiriza.

Amene amawerenga Asrar yokha amatuluka akuganiza kuti Iqbal ankaphunzitsa kuti aliyense ayende payekha. Mnzake wa bukuli ndi Rumuz-i-Bekhudi ya 1918, imene Arberry anamasulira mu 1953 kuti The Mysteries of Selflessness. Mmenemo akuti munthu wolimbayo amapeza tanthauzo lake mu umma. Pena, m'ndakatulo ya Chiurdu, anati funde ndi funde likakhala m'madzi, kunja kwa madzi si kanthu. Inu a kunyanja simufunika kukufotokozerani zimenezi. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, ndipo apa mawu awo ndi a Iqbal akumana. Kusiyana kwake n'kwakuti gulu limene iye akunena silimangidwa ndi magazi, mudzi kapena dziko, koma ndi tawhid (umodzi wa Mulungu) ndi Mtumiki (mtendere ukhale pa iye).

Buku limene ine ndimaliika pamwamba pa onse ndi Javid Nama la 1932, lotchedwa dzina la mwana wake Javed. Ndi ulendo wa mzimu kudutsa m'miyamba, Rumi ali wotsogolera, mlakatuli atapatsidwa dzina lakuti Zinda Rud, mtsinje wamoyo. Pa Mercury akuswali kumbuyo kwa Jamaluddin Afghani n'kukambirana za chikomyunizimu ndi ulamuliro wa chuma. Pa Jupiter akumana ndi Hallaj, Ghalib ndi Tahira. Pa Saturn pali anthu awiri amene anagulitsa dziko lawo kwa Angerezi, Mir Jafar wa ku Bengal ndi Mir Sadiq wa ku Deccan, amene ngakhale Jahannam inawakana. Koma ife a ku Africa tiime pa Venus. Pansi pa nyanja ya kumeneko pali anthu awiri omira, Farao ndi Lord Kitchener, mkulu wa asilikali a Britain amene anagonjetsa Sudan mu 1898 n'kuphwasula manda a Mahdi, mtsogoleri wa Asilamu a kumeneko, ndipo anadzamira ndi sitima mu 1916. Mzimu wa Mahdi ukubwera n'kuuza Kitchener kuti taona kubwezera kwa fumbi la darwishi, kumwamba sikunakupatse manda koma m'madzi amchere. Mlakatuli wa ku Lahore ankatsatira zochitika kwathu kuno. Italy ikukonzekera kulanda Ethiopia mu 1935, analemba ndakatulo yofanizira maiko a ku Ulaya ndi miimba yozungulira mtembo, ndipo ili m'buku la Zarb-i-Kalim la 1936. Javid Nama anaimasulira Arberry mu 1966. Ndakatulo za Chiurdu zosankhidwa bwino muzipeza mu Poems from Iqbal ya V. G. Kiernan, amene anaphunzitsapo ku Lahore. Mmenemo muli ndakatulo ya mzikiti wa ku Cordoba, imene Iqbal analemba atapita ku Spain mu 1933.

Tsopano filosofi. The Reconstruction of Religious Thought in Islam ndi nkhani zimene anakamba ku Madras, Hyderabad ndi Aligarh. Zisanu ndi imodzi zinatuluka ku Lahore mu 1930, ndipo Oxford University Press inasindikiza mu 1934 ataonjezapo yachisanu ndi chiwiri imene anakamba ku London, yofunsa ngati chipembedzo n'chotheka. Ndikuchenjezeni, a Mwalimu, bukuli ndi lolimba. Pa tsamba limodzi mukumana ndi Qur'an, Ghazali, Bergson, Einstein ndi Whitehead, ndipo nthawi zambiri sanena buku limene watengamo mawu. N'chifukwa chake musatenge kope lililonse. Funani limene analikonza M. Saeed Sheikh, lotuluka ku Lahore mu 1986, limene Stanford University Press inadzasindikizanso. Bambo ameneyu anagwira ntchito ya nyerere. Anatsata mawu aliwonse mpaka kumene anachokera, ayah iliyonse n'kuipatsa nambala yake. Nditalitsegula koyamba ndinaika chala chimodzi pa nkhani, china kumapeto kumene kuli ndemanga, n'kumatembenuza uku ndi uku, ndipo ndime zimene zinandikanika kwa zaka zinayamba kumasuka. M'ndemanga zotere ndi mmene mumadziwiranso kuti Iqbal ankaphonya. Kabuku kena konena za malo ndi nthawi kamene iye anati n'ka msufi wotchedwa Iraqi, ofufuza anapeza kuti si kake. Zimenezi sizimuchepetsa. Iye mwini analemba m'mawu oyamba kuti m'kuganiza kwa filosofi mulibe mawu otsiriza, ndipo ena adzabwera ndi maganizo oposa ake.

Musayambire pa nkhani yoyamba. Yambani ndi yachisanu ndi chimodzi, yonena za ijtihad, kuyesetsa kwa odziwa kupeza chigamulo pa nkhani zatsopano, chifukwa nkhani zake mukuzidziwa kale: Qur'an, hadith, ijma ndi qiyas. Mmenemo akuti kutseka khomo la ijtihad ndi nthano chabe, kuti m'badwo uliwonse uli ndi ufulu wothetsa mavuto ake motsogozedwa ndi akale koma osamangidwa nawo, ndipo kuti masiku ano ijma, mgwirizano wa Asilamu pa chigamulo, ingachitikire m'nyumba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu. Mashehe ena sanagwirizane nazo, ndiponso mawu ake mu nkhani yachinayi akuti Jannah ndi Jahannam ndi mikhalidwe osati malo anadzutsa mafunso. Inunso muli ndi ufulu wotsutsana naye. Chachikulu mutsutse zimene ananenadi.

Pa mabuku olembedwa ndi ena, mulu wake ndi waukulu moti phunziroli lili ndi dzina lakelake m'Chiurdu, Iqbaliyat. Iqbal Academy Pakistan inakhazikitsidwa ku Karachi mu 1951, kenako inasamukira ku Lahore, ndipo kuyambira 1960 imatulutsa magazini ya Iqbal Review. Ku Lahore komweko kuli Bazm-i-Iqbal. Allama Iqbal Open University ya ku Islamabad, imene inapatsidwa dzinali mu 1977 pokumbukira zaka 100 chibadwire iye, ili ndi dipatimenti yophunzitsa za iye yekha. Ku India nako, University of Kashmir ili ndi nthambi yake, ndipo Jagan Nath Azad, Mhindu, anathera moyo wake pa ntchitoyi. Mabungwe amenewa achita zazikulu. Asunga zolemba pamanja, asonkhanitsa makalata, ndipo mabuku ambiri ndi magazini akale anawaika pa intaneti mu Iqbal Cyber Library, kumene mungawerenge osalipira. Anthu ngati Rafiuddin Hashmi anakhala zaka akufananitsa makope kuti apeze zolakwika za osindikiza. Ndimawalemekeza kwambiri.

Koma ndinene zoona, chifukwa mwafunsa za kudalirika. Munthu akasanduka mlakatuli wa dziko, chithunzi chake chili m'maofesi ndi m'mabuku a sukulu, zolembedwa zambiri za iye zimakhala zotamanda basi, ngati ndakatulo za pa bwalo la mfumu. Mupeza nkhani zochuluka za mitu yonga Iqbal ndi achinyamata, Iqbal ndi sayansi, Iqbal ndi demokalase, zimene wolemba amayamba ndi zimene iye akufuna kunena n'kutolera mizere yomuvomereza. Wa sosholizimu amatola ndakatulo youza osauka kuti adzuke n'kutentha munda umene sudyetsa mlimi wake. Wodana ndi mavoti amatola mzere wakuti demokalase imawerenga anthu koma siiwayeza kulemera. Mizere yonseyi ndi yake ndithu. Koma kuitola popanda chaka ndi nkhani yake n'kumunamizira ndi mawu ake omwe, ndipo zimandiwawa, chifukwa munthuyu anadana ndi kutsanzira moyo wake wonse.

Mabuku amene ndingakuikireni kumbuyo ndi ochepa. Loyamba ndi kabuku kakafupi ka Mustansir Mir kotchedwa Iqbal ka 2006, komveka bwino, kolembedwa ndi munthu wodziwa zilankhulo zonse zitatu ndi Qur'an. Iye yemweyo anamasulira ndakatulo zosankhidwa mu Tulip in the Desert, zokhala ndi ndemanga. Mukalimba, tengani Gabriel's Wing la Annemarie Schimmel la 1963. Mayi wa ku Germany ameneyu anamasulira Javid Nama m'Chijeremani ndi m'Chituruki, ndipo bukuli analiyala motsatira nsanamira za Chisilamu ndi za imani: shahada, swala, kusala, zakaat, hajj, angelo, mabuku, atumiki, tsiku lomaliza. Kwa mwalimu ngati inu palibe lina loposa limeneli, chifukwa mutu uliwonse umene mumaphunzitsa muupezamo pamodzi ndi zimene Iqbal ananena za iwo. Ku Lahore kuli msewu wotchedwa dzina la mayiyu.

Muwerengenso womutsutsa mmodzi. Wilfred Cantwell Smith, mu Modern Islam in India la 1943, analemba mitu iwiri, wina wa Iqbal wopita patsogolo, wina wa Iqbal wobwerera m'mbuyo, ndipo pa wachiwiriwo anamudzudzula makamaka pa nkhani ya amayi. Smith analemba ali mnyamata wokonda Marx ndipo pena anapsa mtima msanga, koma pa za amayi anagunda pamene pali bala. Iqbal amene ankafuna kuti munthu aliyense akule mopanda malire anali wosamala kwambiri, mwinanso wamantha, pa za ufulu wa amayi, ndipo ndakatulo za mu Zarb-i-Kalim zikuonetsa zimenezi poyera.

M'Chiarabu muli ndi mwayi. Abd al-Wahhab Azzam, amene anali kazembe wa Egypt ku Pakistan, anamasulira mabuku angapo a ndakatulo n'kulembanso mbiri yake. Abul Hasan Ali Nadwi, amene anaonana ndi Iqbal maso ndi maso, analemba Rawa'i' Iqbal m'Chiarabu chotsekemera. Muliwerenge podziwa kuti Nadwi anakonda Iqbal wa ndakatulo, wodzutsa imani ndi wodzudzula chitukuko cha Azungu, ndipo za nkhani za filosofi zija sanazilowe kwenikweni. Kumbali inayo kuli mwana wa Africa, Souleymane Bachir Diagne wa ku Senegal, amene buku lake la Chifalansa la 2001 linamasuliridwa kuti Islam and Open Society n'kusindikizidwa ndi CODESRIA ku Dakar. Iye akuwerenga Iqbal ngati mphunzitsi wa kuyenda, wonena kuti kukhulupirika kwenikweni ku chiyambi ndiko kupita patsogolo. M'buku lina anamuika pambali pa Léopold Senghor, mlakatuli ndi pulezidenti woyamba wa Senegal, poonetsa mmene onse awiri anagwiritsira ntchito maganizo a Bergson, wafilosofi wa ku France, polimbana ndi utsamunda wa m'mutu. Mukawerenga Nadwi ndi Diagne motsatizana mudzaona ngati akunena anthu awiri, chonsecho ndi mmodzi. Za mbiri ya moyo wake, gwero lalikulu ndi Zinda Rud, mabuku atatu a Chiurdu amene mwana wake Javed Iqbal, woweruza milandu, anatulutsa pakati pa 1979 ndi 1984. Javed anali ndi zaka 13 pamene bambo ake ankamwalira, choncho zambiri anazipeza pofufuza ngati wina aliyense. Iye yemweyo anasindikiza mu 1961 kabuku ka maganizo afupiafupi kamene bambo ake analemba mu 1910, Stray Reflections, kosavuta kuwerenga madzulo amodzi.

Ndibwere ku za Pakistan. Pa 29 Disembala 1930, potsogolera msonkhano wa chipani cha Muslim League ku Allahabad, Iqbal ananena kuti akufuna kuona Punjab, North-West Frontier Province, Sind ndi Baluchistan zitaphatikizidwa kukhala boma limodzi la Asilamu, lodzilamulira mkati mwa ufumu wa Britain kapena kunja kwake. Liwu lakuti Pakistan mulibe m'mawu amenewo. Linabwera mu 1933 ndi Choudhry Rahmat Ali ku Cambridge. Bengal, kumene kunali Asilamu ochuluka zedi, Iqbal sanaiike m'boma limene ankafunalo. Mu 1934 analembera Edward Thompson kuti Pakistan si pulani yake, kuti iye ankanena za chigawo cha Asilamu mkati mwa chitaganya cha India. Koma m'makalata ake opita kwa Muhammad Ali Jinnah, amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Pakistan, mu Meyi ndi Juni 1937 analankhula molimba za chitaganya chapadera cha zigawo za Asilamu, Bengal ili momwemo. Anamwalira zaka 9 dzikolo lisanabadwe. Ndiye kunena kuti analiyambitsa n'kupitirira muyeso, kunena kuti sizikumukhudza n'kubisa makalata a 1937. Buku losanthula bwino zimenezi ndi The Political Philosophy of Muhammad Iqbal la Iqbal Singh Sevea la 2012, limene likuonetsa kuti nkhawa yake yaikulu inali kukana kuti mtundu wa anthu umangidwe pa malire a dziko monga ku Ulaya.

Za mawu a pa WhatsApp aja, samalani kwambiri. Mizere yambiri yoyenda ndi chithunzi chake, chija wagwira chibwano ali m'maganizo, si yake. Ngakhale ku Pakistan komweko, mzere wotchuka wouza chiombankhanga kuti chisaope mphepo yolimbana nacho chifukwa imawomba kuti chikwere pamwamba, anthu ambiri amauyesa wa Iqbal, pamene ndi wa mlakatuli wina, Syed Sadiq Hussain. Umamveka ngati wake chifukwa Iqbal ankakonda fanizo la mphamba, mbalame yosamanga chisa ndi yosadya zakufa. Njira yotsimikizira ndi imodzi: ndakatulo zake zonse zimene anavomereza zili m'mabuku awiri otchedwa Kulliyat-i-Iqbal, lina la Chiurdu lina la Chiperezi. Wokutumizirani mawu mumufunse kuti ali m'buku liti mwa amenewa, pansi pa mutu wanji. Palinso ndakatulo zimene analemba ali wamng'ono n'kuzisiya dala posonkhanitsa mabuku ake. Ofufuza anazitolera padera, ndipo ndi zake ndithu, koma wozitchula ayenera kunena kuti mwini wake anazitaya.

Mukafuna kuyesa ndi ophunzira anu, tengani ndakatulo yaifupi ya mu Bang-i-Dara yotchedwa duwa ya mwana, ya 1902, imene ana a sukulu ku Pakistan ndi ku India amaimba m'mawa. Mwanayo akupempha kuti moyo wake ukhale ngati kandulo, kuti akonde kuwala kwa maphunziro monga gulugufe wa usiku amakondera nyali, ndipo kuti ntchito yake ikhale kuteteza osauka ndi kukonda ofooka. Ili ndi mizere 12 yokha. Pezani zomasulira ziwiri zosiyana, muziike pambali ndi pambali, muone pamene zagwirizana ndi pamene zasiyana, kenako muiike m'Chichewa kapena m'Chiyao chimene anawo amalankhula kunyumba. Pamwamba pa pepalalo mulembe dzina la buku ndi chaka. Mukamaliza munditumizire, ndidzakondwa kuiwerenga.